Pulogalamu Ikuti Madigiri 127: Kodi Kompyuta Yanga Ikupsa?

"Zikomo akatswiri. Ndili ndi kompyuta ya padesiki ya Intel Core i7 yomwe ndakhala nayo zaka zinayi, ndipo ndimakonzera mavidiyo. Masabata atatu apitawa yayamba kumangozima yokha ndikamatulutsa vidiyo yaitali, osapereka uthenga uliwonse. Mnzanga anandiuza kuti ndiike HWMonitor, pulogalamu yoonetsa kutentha, mafani ndi magetsi a m'kompyuta. Nditatsegula ndinachita mantha. Pulosesa ikufika madigiri 98, mzere wina wolembedwa TMPIN2 ukuonetsa 127, fani imodzi ili pa 0 RPM, ndipo pa +12V pakuoneka 10.9. Ndinaikanso SpeedFan ndi Core Temp koma iliyonse ikunena zake. Ndikhulupirire iti? Ndigule power supply yatsopano, kapena motherboard yapsa kale?"

Achimwene, poyamba mtima m'malo. Kompyuta imene ikuyakabe, kulowa mu Windows n'kukulolani kuwerenga manambala amenewa, ndiye kuti motherboard yake sinapse. Ndalandirapo anthu ambiri atabwera thukuta lili kamukamu chifukwa cha sikirini ngati yanuyi, ndipo kawirikawiri vuto lenileni limakhala limodzi, manambala enawo amangosokosera. Pa zinayi mwatchulazi, 127 muiiwale. Za 0 RPM (liwiro la fani) ndi 10.9 (voliteji imene imayenera kukhala 12) n'zofunika kuzitsimikizira ndi njira ina musanazikhulupirire. Imene yandiimitsa mutu ndi 98 ija, ndipo ndikhalitsapo. Musagule kanthu kaye.

Mapulogalamu amenewa sayeza kanthu paokha. Amangofunsa tizipangizo timene tili kale m'kompyutamo n'kukulemberani zomwe ayankhidwa. Pulosesa ili ndi masensa ake mkati mwenimweni, graphics card ili ndi ake, disiki nayonso ili ndi ake. Zotsalazo, monga voliteji yochokera ku power supply, liwiro la mafani ndi kutentha kwa motherboard, zimadzera pa kachipu kamodzi kotchedwa Super I/O. Kawirikawiri kamakhala ka kampani ya Nuvoton kapena ITE, ndipo pa makompyuta akale mumapeza ka Winbond kapena Fintek. Kachipu kameneka kali ndi miyendo yambiri yolandirira miyezo, koma wopanga motherboard salumikiza yonse. Amasankha imene akuifuna, ina n'kuisiya yopanda sensa. Pulogalamu ikafunsa mwendo wopanda kanthuwo imayankhidwabe nambala, ndipo imailemba pa sikirini mofanana ndi zinzake zoona.

Kumeneko n'kumene 127 yanu ikuchokera. Kachipuko kamasunga kutentha m'kamalo ka mabiti 8, ndipo nambala yaikulu imene ingakwanemo ndi 127, yaing'ono kwambiri ndi -128. Mukaona imodzi mwa ziwirizi pa mzere wa dzina losamveka ngati TMPIN kapena AUXTIN, dziwani kuti ndi mwendo umene sukuyeza chilichonse. Mukhoza kudzitsimikizira nokha. Yang'anani mzerewo kompyuta ikangoyaka kumene, muuyang'anenso ili pakati pa ntchito yolemera. Kutentha kwenikweni kumakwera ndi kutsika motsatira ntchito. Nambala imene yangouma pamodzimodzi tsiku lonse si ya chinthu chamoyo m'bokosimo.

Tsopano funso lanu loti mukhulupirire iti. Ineyo pa Windows ndimadalira HWiNFO, ndipo ndimaitsegula ndi chisankho cha Sensors-only kuti ndione miyezo yokhayokha. Imakonzedwa pafupipafupi kuti izidziwa ma motherboard atsopano, imalemba mayina omveka m'malo mwa TMPIN, imakuuzani ngati pulosesa yayamba kudzichepetsa liwiro, ndipo imasunga miyezo m'fayilo, chinthu chimene chikhale chofunika kwambiri pa nkhani yanuyi. HWMonitor, ya kampani ya ku France yotchedwa CPUID yomwe inapanganso CPU-Z, si yoipa. Ndi yosavuta kuwerenga, kungoti imaonetsa miyendo yopanda kanthu ija osasefa. Core Temp imangoona pulosesa basi, ndipo ntchito imeneyo imaigwira bwino. SpeedFan inatithandiza kwambiri pa nthawi yake, koma mtundu wake womaliza, 4.52, unatuluka mu 2016. Kompyuta yanu inapangidwa pambuyo pake, choncho SpeedFan ikungoyerekeza pa zipangizo zimene sinazionepo. Ichotseni. Amene amagwiritsa ntchito Linux ali ndi lm-sensors: amayamba ndi sensors-detect kamodzi, kenako kulemba sensors nthawi iliyonse akafuna kuona.

Chinanso, musamatsegule mapulogalamu awiri kapena atatu otere nthawi imodzi. Onsewo amafunsa kachipu kamodzi kudzera njira imodzi, ndipo akalimbirana, wina amatenga yankho la mnzake kapena lodukiza. Ndaonapo fani ikuoneka ngati ikuzungulira mowirikiza kakhumi kwa kamphindi chifukwa cha zimenezi. Komanso muzitenga mapulogalamuwa pa tsamba la amene anawapanga, osati pa masamba osonkhanitsa zinthu zaulere, chifukwa amafunika chilolezo cholowa mkatikati mwa Windows ndipo wachinyengo akabisamo chake, amalowera pomwepo. Mu Malichi 2025 Microsoft Defender inayamba kuchenjeza za dalaiva yakale yotchedwa WinRing0, imene mapulogalamu angapo oyang'anira mafani ndi kutentha ankagwiritsa ntchito, chifukwa ili ndi chibowo cha chitetezo chomwe chinadziwika kalekale. Mukaona chenjezo ngati limenelo musalizimitse mwachisawawa. Funani mtundu watsopano wa pulogalamuyo.

Tibwere ku 98. Poyamba mudziwe chifukwa chimene mapulogalamu amasiyanira pa pulosesa imodzimodzi. Pali sensa ya kori iliyonse (makori ndi tizigawo ta pulosesa togwira ntchito), pali nambala ya CPU Package imene imatsatira malo otentha kwambiri pa pulosesa yonse, ndiye palinso sensa ya motherboard pafupi ndi soketi yomwe nayonso imalembedwa CPU koma imachedwa ndipo imakhala yotsikirapo. Pulogalamu ina ikaonetsa iyi, ina n'kuonetsa inayo, mumaona ngati wina akunama pomwe onse akunena zoona pa malo osiyana. Inu muzitsatira CPU Package. Masensa a Intel sanena kuti ndatentha madigiri akutiakuti. Amanena madigiri amene atsala kuti pulosesa ifike pa malire ake otchedwa TjMax, ndipo pulogalamu ndi imene imachotsera. Pa mapulosesa ambiri a Intel a padesiki malirewo ndi 100. Ndiye 98 ikutanthauza kuti mwatsala ndi madigiri awiri okha.

Sikuti pulosesa iliyonse yotentha ili pa vuto. Ma Ryzen 7000 a AMD, omwe anatuluka mu 2022, anapangidwa dala kuti azikwera mpaka 95 pa ntchito yolemera n'kukhala pomwepo. Ma Ryzen 7 1700X ndi 1800X a mu 2017 ankaonetsa nambala yowonjezeredwa madigiri 20 pa mzere wa Tctl, ndipo anthu ambiri anachotsa ndi kubwezera zoziziritsira zawo pachabe. Malaputopu opyapyala nawonso amagunda m'ma 90 kawirikawiri chifukwa malo opumira ndi ochepa. Koma yanuyi ndi ya padesiki, ndipo kwa zaka zinayi inkagwira ntchito yomweyi osazima. Malinga ndi zomwe ndakhala ndikuona, kompyuta yotere ikakhala bwino imakhala pakati pa 30 ndi 50 ikangokhala, ndipo pa ntchito yolemera pakati pa 70 ndi 85, kutengera choziziritsira ndi kutentha kwa chipinda. China chake chasintha m'bokosimo.

Kuti mudziwe chimene chasintha, musamangoyang'ana nambala yaikuluyo. Onani mmene ikufikira pamenepo. Tsegulani HWiNFO, yambani kutulutsa vidiyo, maso ali pa CPU Package. Ikadumpha kuchoka pa 45 kufika pa 98 m'masekondi ochepa, ndiye kuti kutentha sikukudutsa bwino kuchoka pa pulosesa kupita pa heatsink, chitsulo cha choziziritsira chimene chimakhala pamwamba pake. Mwina thermal paste, phala lopakidwa pakati pa ziwirizi, yauma n'kung'aluka, mwina mwendo umodzi wa choziziritsira wamasuka, makamaka zoziziritsira zomwe zimabwera ndi Intel zokhala ndi timiyendo tinayi tapulasitiki tongokanikiza. Ngati choziziritsira chanu ndi cha madzi, mwina pampu yafa. Koma ikamakwera pang'onopang'ono, 70, 78, 85, kenako 98 patatha mphindi khumi kapena makumi awiri, ndiye kuti heatsink ikulandira kutenthako koma ikusowa kokutayira. Pamenepo ganizirani za fumbi, fani yotopa, kapena bokosi lomwe mpweya sukuyenda. Chotsani chitseko cha m'mbali mubwereze ntchito yomweyo. Kukatsika madigiri khumi kapena kuposerapo, vuto ndi kayendedwe ka mpweya m'bokosi, osati choziziritsira.

Ndikukumbuka kompyuta ina imene anandibweretsera, mwini wake akulumbira kuti amaipukuta mwezi ndi mwezi. Kunja inalidi yoyera, ndipo mapiko a fani ankawala. Nditamasula zomangira fani n'kuichotsa pa heatsink, kuseri kwake kunali chifumbi chothinana ngati bulangete, chotseka mipata yonse ya zitsulo. Ndinachisenda ndi zala chonse chathunthu osaduka. Fani inkazungulira bwinobwino, pulogalamu n'kumaonetsa RPM yabwino, koma mpweya unkangogunda pa bulangetelo n'kubwerera. Titachotsa, kutentha kunatsika ndi madigiri oposa makumi awiri tisanakhudze n'komwe thermal paste. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense kuti aziunika ndi tochi pakati pa fani ndi heatsink, chifukwa pamenepo palibe pulogalamu imene ingakuonereni.

Mu HWiNFO, pansi pa mizere ya kutentha kwa pulosesa, mupeza mizere ya Thermal Throttling yoyankha Yes kapena No. Ikanena Yes ndiye kuti pulosesa yafika pa malire ndipo ikudzichepetsa liwiro kuti izizire. Mukayang'ana ma clock, manambala a liwiro la pulosesa, nthawi yomweyo muwaona akutsika. Ichi ndi chitetezo chake, ndipo n'chifukwa chake ndikuti sinapse. Koma mavidiyo anu akutenga nthawi yaitali kuposa kale, mwina munaziona kale osadziwa chifukwa.

Apa pali mfundo imene ndikufuna muimvetse bwino, chifukwa ndi pomwe ambiri timaphonya. Pulosesa ikatentha imayamba ndi kudzichepetsa liwiro. Kuzimitsa kompyuta yonse ndi chitetezo chomaliza, chomwe chimabwera kutentha kukapitirira kwambiri malire aja ngakhale yadzichepetsa. Zimachitika choziziritsira chikamasuka kapena pampu ikafa. Koma ngati yanu ikukhazikika pa 98 kapena 100 kwa nthawi yaitali kenako n'kuzima, n'kutheka kuti wozimitsayo ndi wina. Akhoza kukhala magawo a motherboard amene amatsitsa mavoliti 12 kuti afike pa mlingo wa pulosesa, otchedwa VRM, omwe ali mozungulira soketi ndipo nawo amatenthedwa ndi mpweya womwewo. Ngati motherboard yanu ili ndi sensa pamenepo, muona mzere wa VRM kapena MOS. Akhozanso kukhala power supply imene yakalamba, kapena yodzaza fumbi, ndipo ikudziteteza ikapanikizika. Choncho sindikuchotsa power supply pa mndandanda wa okayikiridwa. Ndikungokana kuiweruza ndi umboni wa nambala imodzi ya pulogalamu.

Kazimidwe kake kamanenanso zambiri. Ikazima ngati wina wazula pulagi, osayakanso mpaka mutadikira kapena kuzimitsa ndi kuyatsa switchi ya kuseri, maganizo anga amapita ku power supply. Ikazima n'kuyambiranso yokha, kapena ikaonetsa sikirini ya buluu, pamenepo RAM, madalaiva ndi kusakhazikika kwa pulosesa zimalowa m'nkhani. Mu Event Viewer, momwe Windows imasungira mbiri ya zochitika, mupeza uthenga wa Kernel-Power wa nambala 41. Ambiri amauona ngati yankho, koma umangotanthauza kuti Windows sinatsekedwe mwadongosolo, sunena chifukwa. Komanso umalembedwa kompyuta ikayakanso, choncho nthawi imene umaonetsa ndi ya kuyakanso, osati imene inazima.

Chimene chikuthandizeni kwambiri ndi fayilo ya miyezo. Pansi pa windo la masensa mu HWiNFO pali batani loyambitsira kulemba miyezo m'fayilo ya CSV. Lidineni, sankhani posungira, kenako yambani vidiyo ija. Kompyuta ikazima, iyatseninso, tsegulani fayiloyo mu Excel kapena LibreOffice Calc, mupite ku mizere yomaliza. Muona mmene zinthu zinalili masekondi ochepa isanazime: kutentha kunali pati, mafani ankazungulira bwanji, 12V inali ikutsika kapena ayi. HWiNFO imawerenga masekondi awiri alionse ngati simunasinthe, ndipo mukhoza kuichepetsa kufika pa theka la sekondi kuti muone bwino. Dziwani kuti kugwa kwa magetsi kwa kanthawi kochepetsetsa, komwe kumakwanira kuzimitsa kompyuta, pulogalamu singakugwire. Ndiye fayilo ikaonetsa kuti zonse zinali bwino, kutentha kuli pansi, kenako mdima, umenewonso ndi umboni, ndipo ukuloza ku magetsi.

Za 10.9 tsopano. Muyezo wa ATX, umene ma power supply a makompyuta a padesiki amatsatira, wakhala ukulola kusiyana kwa magawo 5 pa 100 m'mwamba kapena pansi. Ndiye 12V iyenera kukhala pakati pa 11.4 ndi 12.6, 5V pakati pa 4.75 ndi 5.25, ndipo 3.3V pakati pa 3.14 ndi 3.47. Ikanakhala kuti 10.9 ndi yoona, power supply yanu ikanakhala yotha ntchito. Koma kachipu kaja sikangathe kuyeza mavoliti 12 mwachindunji. Kamatha mavoliti ochepa chabe, choncho wopanga motherboard amaika ma resistor awiri ogawa volitejiyo kuti ichepe, ndipo pulogalamu imayenera kuchulukitsa ndi nambala yoyenera kuti ibwezere pa 12. Ikapanda kudziwa ma resistor amene ali pa motherboard yanu imachulukitsa ndi nambala yolakwika. N'chifukwa chake mumaona ena akudandaula kuti 12V yawo ili pa 8 kapena pa 16 pomwe kompyuta ikuyenda bwinobwino.

Yambani ndi kulowa mu BIOS, pulogalamu ya motherboard imene imayamba Windows isanatseguke, podina Del kapena F2 poyatsa, mupeze tsamba la Hardware Monitor kapena PC Health. BIOS inalembedwa ndi amene anapanga motherboard, choncho imadziwa kuchulukitsa koyenera. Ikaonetsa 12.0 kapena 12.1 pomwe HWMonitor ikuti 10.9 kompyuta ikungokhala, yolakwa ndi pulogalamu. Vuto la BIOS n'loti simungaione pa nthawi ya ntchito yolemera. Pamenepo onani kusuntha kwa nambalayo mu HWiNFO. Ngakhale itakhala yokhota, ikamagwa kwambiri vidiyo ikangoyamba n'kubwerera ikatha, pali chofunika kuchifufuza. Kusuntha kwa 0.1 kapena 0.2 n'kwachibadwa.

Woweruza weniweni ndi multimeter, chipangizo cha m'manja choyezera magetsi. Pa pulagi ya Molex yomwe sikugwira ntchito, ija ya mabowo anayi, waya wachikasu ndi 12V, wofiira ndi 5V, akuda awiri apakati ndi ground. Ikani multimeter pa DC, nsonga yakuda pa waya wakuda, yofiira pa wachikasu, muwerenge kompyuta ikungokhala komanso ili pa ntchito. Ma power supply ambiri amakono ali ndi mawaya akuda okhaokha, ndiye ngati simukutsimikiza kuti bowo lake ndi liti, kapena simunagwirepo multimeter, lolani wodziwa achite. Nsonga ziwirizo zikakhudzana mukhoza kuwononga zimene zinali bwino. Ndipo chonde, bokosi la power supply lenilenilo musalitsegule. Mkati mwake muli ma capacitor amene amasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula pulagi.

Mizere ina ya voliteji isakusokonezeni. Vcore, ya pulosesa, imayenera kusinthasintha. Imatsika pansi pa voliti imodzi pulosesa ikamapuma, n'kukwera kupitirira 1.2 kapena 1.3 ikafuna liwiro. VID ndi imene pulosesa ikupempha, osati imene ikulandira. Mzere wa -12V nthawi zambiri umaonetsa zopanda mutu chifukwa ma motherboard ambiri sauyeza. VBAT ndi kabatire kozungulira ka CR2032 kosunga nthawi ndi makonzedwe a BIOS, ka mavoliti 3, ndipo kakatsika kwambiri wotchi ya kompyuta imayamba kubwerera m'mbuyo.

Fani ya 0 RPM iyankhidwe ndi maso anu. Tsegulani bokosi, kompyuta ili yoyaka, muwerenge mafani amene akuzungulira. Motherboard imakhala ndi malo olumikizira mafani ochuluka kuposa mafani amene alipo, ndipo malo opanda fani amaonetsa 0. Fani yolumikizidwa mwachindunji ku power supply siuza motherboard liwiro lake. Mafani awiri kapena atatu ogawana waya umodzi amaoneka ngati imodzi. Ma graphics card ambiri amakono amaimitsa dala mafani awo kutentha kukakhala pansi pa 50 kapena 60. Zonsezi si vuto. Koma ngati 0 imeneyo ili pa CPU_FAN kapena pa pampu, kapena mwaona fani ya kuseri kwa bokosi itaima, mwapeza chimene chikukweza 98 ija. Kompyuta itazima, kankhani mapiko ndi chala. Fani yabwino imazungulira mofewa n'kuima pang'onopang'ono. Yotopa imalimba, imakhuluza, kapena imagwedera.

Mafani alipo a mapini atatu ndi a mapini anayi. A mapini atatu amachepetsedwa liwiro potsitsa voliteji, pomwe a mapini anayi amalandira 12V nthawi zonse ndipo pini yachinayi, ya PWM, ndi imene imawalamula. Mu BIOS malo aliwonse olumikizira amakhala ndi chisankho cha DC kapena PWM. Chikasemphana ndi fani yanu, faniyo imangothamanga mapeto osatsika, kapena imayenda mosalongosoka. Ngati munasintha BIOS posachedwa, kapena kabatire kaja kanatha makonzedwe n'kufufutika, pitani mukaone pamenepo. Ine ndimakonda kukonza liwiro la mafani mu BIOS momwemo, chifukwa zimagwira ntchito ngakhale Windows itaundana. Pulogalamu yotchedwa Fan Control ndi yabwino kwa amene akufuna kuti mafani a bokosi azitsatira kutentha kwa graphics card, koma inu musaiike pano. Tiyambe tapeza vuto tisanawonjezere china chosokoneza.

Muli momwemo, ponyani diso pa zinanso. Graphics card imaonetsa kutentha kuwiri, kwa chipu chonse ndi kwa Hot Spot, ndipo kwachiwiriko kumakhala kokwererapo nthawi zonse. Kusiyanako kukafika madigiri 30, mwina thermal paste yake yatha. Ma SSD a NVMe amayamba kuchepetsa liwiro akafika m'ma 70 kapena 80, ndipo pokonza mavidiyo amagwira ntchito kwambiri. Hard disk yozungulira ndimafuna izikhala pansi pa 50. CrystalDiskInfo imakuonetsani kutentha ndi thanzi la madisiki onse pa tsamba limodzi.

Ndikanakhala pa mpando wanu, ndikanayamba ndi kukopera mavidiyo ndi mafayilo ofunika pa disiki ina lero lomwe. Kuzima mwadzidzidzi kumawononga fayilo imene inali kulembedwa, ndipo zengerezu adalinda kwawukwawu. Kenako ndikanatenga fayilo ya miyezo kamodzi ndisanakhudze chilichonse, kuti ndikhale ndi pofananizira. Ndikatero ndizimitse, ndizule pulagi, ndikhudze chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi achoke, n'kuchotsa fumbi ndi mpweya wopopera ndi kaburashi kofewa. Popopera gwirani fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira muyeso. Musaiwale sefa ya pansi pa power supply, imene ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo. Yesaninso, muone kusintha. Kutentha kukakhalabe pamwamba, chotsani choziziritsira, pukutani paste yakale ndi isopropyl alcohol, ikani yatsopano kadontho kamodzi pakati, n'kumanga mopingasa, kona iyi kenako yoyang'anana nayo, kuti chikhale mofanana. Muzisintha chinthu chimodzi n'kuyesa. Mukasintha zitatu nthawi imodzi, ngakhale vuto litatha simudzadziwa chimene chinali cholakwa, ndipo likadzabwerera mudzayambiranso pachiyambi.

Poyesa, ntchito yanu ya mavidiyo ndi yokwanira chifukwa ndi imene ikuonetsa vutolo. Cinebench imathandiza mukafuna kupanikiza pulosesa yokha kwa mphindi khumi. Prime95 ndi FurMark zimapanikiza kuposa ntchito wamba, ndiye pa kompyuta imene mukuikayikira power supply musazithamangire, makamaka zonse ziwiri pamodzi. Kutentha kukatsika kufika m'ma 80 ndipo kuzima n'kutha, nkhani yatha. Sungani fayilo ya tsiku limenelo. Miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi mudzafananize, ndipo mudzaona fumbi likubwerera kompyuta isanayambenso kuzima.

Pali pomwe muyenera kusiya n'kupita kwa katswiri. Mukamva fungo la chinthu chopserera, mukaona pulagi yasungunuka kapena yada, kapena ma capacitor a pa motherboard atatupa pamwamba, zulani pulagi musayatsenso. Power supply ikamathetheka kapena fani yake itaima pa ntchito yolemera, chimodzimodzi. Choziziritsira cha madzi chikadontha, musadikire. Pitaninso ngati mwachotsa fumbi, mwasintha paste, kutentha kwatsika bwinobwino koma kompyuta ikuzimabe, kapena ngati multimeter yatsimikiza kuti 12V ikugwa pansi pa 11.4. Katswiri amakhala ndi power supply ina yabwino yoyesera, ndipo akailumikiza kwa ola limodzi mudziwa ngati muyenera kugula kapena ayi. Akhozanso kuyesa RAM ndi MemTest86 ndi kuona VRM ndi chipangizo choyezera kutentha. Ngati chipangizo china chidakali pa waranti, funsani ogulitsa musanachimasule. Popita, tengani fayilo ya CSV ija pa fulashi, ndipo mumuuze nthawi imene kompyuta inazima, ntchito imene inkagwira, ndi zimene mwasintha kale.